Nyumba ya Makiri ndi Mlandu wa Munda

Lero ndabwera ndi dzina limene ambiri a ife timalidumpha tikamawerenga Baibulo, dzina la Makiri. Abrahamu timamudziwa, Isake ndi Yakobo timawadziwa, Yosefe ndiye ngakhale ana a Sande sukulu angakufotokozereni za malaya ake ndi maloto ake. Koma tafunsani kutchalitchi kwanu Lamulungu likubwerali kuti Makiri anali yani, muona anthu akungoyang'anana. Sindikuwadzudzula ayi. Munthuyu sanayankhulepo liwu ngakhale limodzi m'Baibulo lonse. Sitimva kuti analota, sitimva kuti anamanga guwa la nsembe, ngakhale maliro ake sanalembedwe. Komabe dzina lake limapezeka m'mabuku asanu ndi limodzi: Genesis, Numeri, Deuteronomo, Yoshuwa, Oweruza ndi 1 Mbiri. Ndipo nthawi zambiri likatchulidwa, nkhani yake imakhala ya malo. Munda uwu ngwa yani, phiri ili lipite kwa yani, mwini wake akamwalira atenge ndani.

Tiyambe ndi magazi ake. Makiri anali mwana woyamba wa Manase, ndipo Manase anali mwana woyamba wa Yosefe. Ndiye kuti anabadwira ku Igupto, m'banja la nduna yaikulu ya Farao. Agogo ake aakazi, Asenati, anali Mwigupto, mwana wa wansembe wa mzinda wa Oni. Mayi ake, malinga ndi 1 Mbiri mutu 7, anali mkazi wamng'ono wa Manase, wa mtundu wa Aaramu. Taonani pamenepo. Munthu amene anadzakhala kholo la nyumba yamphamvu mu Israeli anali ndi gogo Mwigupto ndi mayi Mwaramu. Amene amalalikira ngati kuti mafuko a Israeli anali a magazi osasakanizika, mindandanda ya mayinayi sanaiwerenge bwino.

Koyamba kumva za Makiri ndi kumapeto kwenikweni kwa Genesis, mutu 50. Yosefe wakalamba, watsala pang'ono kumwalira ali ndi zaka 110, ndipo ana a Makiri akubadwa nkuikidwa pamaondo pake. Kumeneko sikunali kungosewera ndi zidzukulu. Pa mwambo wa anthu amenewo, kulandira mwana pamaondo kunali kumuvomereza kuti ngwa m'nyumba muno, ali ndi gawo lake. Yakobo nayenso anali atatenga Manase ndi Efereimu kukhala ana ake enieni, kuti Yosefe alandire magawo awiri pakati pa abale ake. Koma mukukumbuka zimene nkhalamba ija inachita powadalitsa: inapingasa manja, dzanja lamanja nkugwera pa Efereimu wamng'ono, Manase wamkulu nkulandira lamanzere. Yosefe anayesa kukonza, bambo ake anakana. Choncho Makiri anali mwana woyamba wa munthu amene anapitiriridwa.

Tikafika m'buku la Numeri, Makiri salinso munthu mmodzi, wasanduka khamu. Aisraeli anawerengedwa kawiri m'chipululu. Pa kalembera woyamba ku Sinai, fuko la Manase linali laling'ono kuposa onse, amuna 32,200. Pa kalembera wachiwiri, patapita zaka pafupifupi 40, linafika 52,700. Palibe fuko lina limene linakula chotero. Efereimu, uja wa dzanja lamanja, anatsika kuchoka pa 40,500 kufika pa 32,500. Ndipo m'mutu 26, wa kalembera wachiwiriyu, Amanase onse akudutsira mwa Makiri. Makiri anabereka Giliyadi, ndipo mwa Giliyadi munatuluka mabanja asanu ndi limodzi: Abiezeri, Heleki, Asirieli, Sekemu, Semida ndi Hefere. Mayina amenewa muwasunge, tikumana nawonso pamalo pamene simukuyembekezera.

Kalembera wachiwiriyu sanali wongofuna kudziwa chiwerengero cha asilikali. Anthu anali pa zigwa za Mowabu, moyang'anana ndi Yeriko, ndipo dziko linali pafupi kugawidwa. Fuko lalikulu lilandire malo aakulu, laling'ono aang'ono, ndipo maere aonetse kuti aliyense apita kuti. Dzina lako likasowa pa mndandanda umenewo, ndiye kuti munda ulibe, ndi ana ako omwe.

Ana a Makiri ena sanadikire maere. Numeri 32 imati anapita okha ku Giliyadi, kum'mawa kwa Yorodano, nathamangitsa Aamori amene anali kumeneko, ndipo Mose anangovomereza kuti dzikolo ndi lawo. Buku la Yoshuwa limawatchula anthu a nkhondo, nkuwawonjezera dziko la Basani, kumene kunkalamulira Ogi, mfumu ija ya bedi lachitsulo. Masiku ano Giliyadi ndi mapiri a kumpoto kwa dziko la Jordan, cha ku Ajloun ndi Irbid, ndipo Basani ali kum'mwera kwa Syria. Ndi dziko la msipu, la mitengo, la mafuta amankhwala amene amalonda ankapita nawo kutali. Pali kanthu kena kamene kamandigwira mtima apa. Amalonda achiismaeli amene Yosefe anagulitsidwa kwa iwo ku Dotani, ngamira zawo zinali kuchokera ku Giliyadi komweko, zitasenza zonunkhira kupita ku Igupto. Dziko limene linatulutsa ogula Yosefe ndi limene zidzukulu zake zinadzalanda, ndipo Dotani mwiniyo anadzakhala m'dera la Manase.

Pakati pa olanda dzikolo panali munthu wina dzina lake Yairi, amene anatenga midzi nkuitcha dzina lake. Numeri ndi Deuteronomo amamuwerengera kwa Manase. Koma mukatsegula 1 Mbiri mutu 2 mupeza zina. Hezironi, mdzukulu wa Yuda, ali ndi zaka 60, anakwatira mwana wamkazi wa Makiri. Mkaziyo anabereka Segubu, ndipo Segubu anabereka Yairi, mwini wa mizinda 23 ku Giliyadi. Mwamva? Tikatsata kuchimuna, Yairi ndi wa fuko la Yuda. Koma Baibulo limamutcha mwana wa Manase, mwina chifukwa anakhala kwa agogo ake aakazi, nalima dziko la kuchikazi. Mtundu umene unkatsata mzere wa bambo mosagwedezeka uli ndi munthu amene anawerengedwa kudzera mwa mkazi, ndipo mkaziyo ndi wa m'nyumba ya Makiri.

Tsopano tifike pa mlandu weniweni, umene wandichititsa kusankha munthu ameneyu lero. M'banja la Hefere munali munthu wotchedwa Zelofehadi. Anafera m'chipululu, osasiya mwana wamwamuna. Anasiya ana aakazi asanu: Mala, Nowa, Hogila, Milika ndi Tiriza. Pa lamulo la nthawi imeneyo, nkhani inali yotha kale. Kalembera ankawerenga amuna a zaka 20 kupita m'tsogolo, malo ankapita kwa amuna, ndiye dzina la Zelofehadi likanangofufutika, gawo lake nkumwazika pakati pa abale.

Atsikanawa sanapite kukalira kuseri kwa hema. Sanatume atsibweni kapena m'bale wa bambo awo kuti akawayankhulire. Numeri 27 imati anakaima pakhomo pa chihema chokumanirako, pamaso pa Mose, pamaso pa wansembe Eleazara, pamaso pa akuluakulu ndi msonkhano wonse. Taganizirani bwalo limenelo. Mose ndi nkhalamba ya zaka pafupifupi 120, munthu amene anayankhula ndi Mulungu paphiri. Anthu amene anamutsutsa pagulu m'mbuyomo, Kora, Datani ndi Abiramu, nthaka inatseguka nkumeza mahema awo ndi katundu yense. Aliyense pa bwalopo ankaidziwa nkhani imeneyo. Ndiye akazi asanu, osakwatiwa, amasiye, akubwera pamalo omwewo kudzanena kuti lamulo lili ndi mpata.

Mmene anauyalira mlandu wawo ndi momwe muli nzeru. Anayamba ndi kutsuka dzina la bambo awo: sanali m'gulu la Kora, anafa imfa ya mbadwo wake wonse, chifukwa cha tchimo lake ngati wina aliyense. Anadziwa kuti munthu woukira sakanasiyira ana ake kanthu, ndiye anatseka khomo limenelo wina asanalitsegule. Kenaka sanadandaule za njala yawo kapena umphawi wawo. Anafunsa za dzina la bambo, kuti lisowerenji pakati pa abale ake chifukwa chongoti analibe mwana wamwamuna. Pamenepo anagwira bwalo lonse pamtima, pakuti mwamuna aliyense amene anakhala pamenepo ankaopa chinthu chomwecho, kuti dzina lake lingadzafe. Ndipo kumbukirani kuti munda umene ankapemphawo panalibe amene anali ataupondapo. Yorodano anali asanawolokedwe, Yeriko anali chiimire ndi malinga ake. Mbadwo wa bambo awo unafera m'chipululu chifukwa chokana kukhulupirira kuti dzikolo lingatengedwe. Ana aakaziwa anali kale pa mlandu wa malire.

Mose sanayankhe za m'mutu mwake. Anapita nawo mlanduwo kwa Yehova, ndipo yankho linabwera lakuti atsikanawo akunena zoona, apatsidwe cholowa pakati pa abale a bambo awo. Sizinathere pa iwo okha. Chigamulocho chinasanduka lamulo la Israeli yense, lokhala ndi ndondomeko yake: munthu akafa wopanda mwana wamwamuna, cholowa chipite kwa mwana wamkazi, akakhala wopanda mwana wamkazi, kwa abale ake, akakhala wopanda abale, kwa abale a bambo ake, akasowanso amenewo, kwa wachibale woyandikira. Mwana wamkazi anaikidwa patsogolo pa abale a malemu. Ndipo m'mutu womwewo, nkhaniyi itangotha, Mose akuuzidwa kuti akwere phiri akaone dzikolo ndi maso okha, pakuti iye salowamo. Umodzi mwa milandu yomaliza imene anaweruza unali wopatsa ena munda m'dziko limene iye mwini sadzapondamo.

Aphunzitsi achiyuda a m'zaka za pambuyo pake ankafuna kudziwa kuti tchimo la Zelofehadi linali lotani. M'buku lawo la Talmud, Rabbi Akiva ananena kuti ndi munthu uja anagwidwa akutola nkhuni pa Sabata nkuponyedwa miyala. Mnzake, Rabbi Judah ben Bathyra, anamudzudzula: ngati nzoona, ndiye kuti akuulula chimene Malembo anabisa dala, ngati si zoona, ndiye kuti akunamizira munthu wosalakwa. Ine ndili kumbali ya wodzudzulayo. Ana ake anasankha kusatchula tchimolo, ife tilifukuliranji?

Kwa ife amene tinakulira m'midzi ya chikamwini, kumene munda umatsata mayi, mkamwini nkumalima pa malo a apongozi, ndipo atsibweni ndiwo amayang'anira mbumba, nkhaniyi ingamveke yachilendo. Mwana wamkazi achite kupempha munda wa kwawo? Koma omvera a kumadera a chitengwa ndi malowolo aimva msanga, chimodzimodzi mayi aliyense amene anaonapo achibale a malemu akufika ndi galimoto tsiku la sadaka kudzanyamula katundu. M'dziko la Malawi lamulo la mu 2011 lokhudza chuma cha masiye linaletsa kulanda kotere, ndipo alaliki ambiri amatchula ana a Zelofehadi akamadzudzula khalidweli. Amachita bwino. Koma ndikupempha kuti tisaikemo zimene mulibe. Lamulo la Numeri 27 silinanene kuti mwana wamkazi ndi wamwamuna agawane mofanana. Mkazi ankalandira pokhapokha mlongo wake palibe. Zelofehadi akanakhala ndi kamnyamata kamodzi kokha, kakhanda, asanu aja sakanapeza kanthu. Bambo amene anapatsa ana ake aakazi cholowa pamodzi ndi alongo awo ndi Yobu, ndipo buku lake limachita kutchula zimenezo chifukwa zinali zosazolowereka.

Ndipo mlandu suola. M'mutu womaliza wa Numeri, mutu 36, nkhani ija ikudzukanso. Amene akuidzutsa si adani, ndi akuluakulu a banja la Giliyadi mwana wa Makiri, abale awo enieni. Sakutsutsa chigamulo choyamba, pakuti chinachokera kwa Mulungu. Akubwera ndi funso la m'tsogolo. Atsikanawa akakwatiwa ndi amuna a fuko lina, ana awo adzakhala a fuko la bambo, ndipo munda udzachoka kwa Manase kupita kwa Yuda kapena kwa Benjamini. Ngakhale chaka cha Jubili, chimene chinkabweza minda yogulitsidwa kwa eni ake pa zaka 50 zilizonse, sichikanathandiza, chifukwa mundawo sunagulitsidwe, unapita mwa cholowa.

Mose anati nawonso akunena zoona. Chigamulo chachiwiri chinali chakuti atsikanawo akwatiwe ndi amene afuna, koma akhale wa m'fuko la bambo awo. Ndipo asanu onsewo anakwatiwa ndi ana a abale a bambo awo. Pamenepa ndi pamene alaliki ambiri safika. Amathera pa mutu 27, nthungululu nkulira, mpingo nkumwazika. Koma dzanja limene linapereka munda ndi lomwe linachepetsa ufulu wosankha banja. Mwana wamkazi wopanda munda akanakwatiwa kulikonse. Wokhala ndi munda anamangidwa kwawo. Kunena mosabisa, chimene lamuloli linkateteza kwenikweni si mkazi ayi, koma dzina la mwamuna wakufa ndi malire a fuko. Mkazi anali mlatho wakuti munda uwoloke kuchoka kwa gogo kupita kwa mdzukulu wamwamuna. Zimenezi sizichotsa kulimba mtima kwa asanu aja, zimangoonetsa kukula kwa khoma limene anakankha. Aphunzitsi achiyuda nawonso chiletsochi chinawalemera, mpaka anadzanena kuti chinali cha mbadwo umodzi wokhawo, ndipo tsiku la 15 la mwezi wa Av ankalikumbukira ngati tsiku limene mafuko analoledwa kukwatirana.

Mukuganiza kuti Yorodano atawolokedwa anthu anawakumbukira okha? Ayi. Yoshuwa mutu 17 imati anachita kupitanso pamaso pa Eleazara, Yoshuwa ndi akuluakulu, kukawakumbutsa zimene Yehova analamula Mose. Mose anali atamwalira, ndipo lonjezo likanatha kufa naye. Atakumbutsa, anapatsidwa. Manase wa kumadzulo kwa Yorodano analandira magawo 10: asanu a mabanja a Abiezeri, Heleki, Asirieli, Sekemu ndi Semida, ndi asanu a ana aakazi aja, m'malo mwa gogo wawo Hefere. Theka la magawo a kumadzulo linatchulidwa mayina a akazi.

Wina anganene kuti zonsezi ndi za m'buku. Tamverani tsono za mapale. M'chaka cha 1910, gulu la akatswiri ofukula zakale la ku yunivesite ya Harvard, motsogozedwa ndi George Reisner, linkakumba pa phiri la Samariya, likulu lakale la ufumu wa kumpoto wa Israeli. Pafupi ndi nyumba yachifumu anapeza mapale a mitsuko yosweka, olembedwa ndi inki yakuda m'Chihebri chakale. Owerengeka bwino anaposa 60. Sanali mapemphero kapena ndakatulo. Anali malisiti. Mlembi ankatola phale, nkulembapo chaka cha ulamuliro wa mfumu, chachisanu ndi chinayi, chakhumi, kapena cha 15, kenaka mudzi umene katundu wachokera ndi dzina la wolandira. Ena amatchula mtsuko wa vinyo wokhalitsa, ena mtsuko wa mafuta oyengeka bwino. Akatswiri amati analembedwa m'zaka za m'ma 700 Khristu asanabadwe, ndipo lero akusungidwa ku Istanbul.

Pa mapale ena mlembi anatchulanso dera la banja limene katunduyo wachokera. Ndipo mayina ake ndi awa: Abiezeri, Heleki, Asirieli, Sekemu, Semida, Nowa ndi Hogila. Mayina aja ndinati muwasunge. Asanu a amuna, ndi awiri a ana aakazi a Zelofehadi. Mlembi wa ku nyumba yachifumu, amene ntchito yake inali kuwerenga mitsuko osati kulalikira, ankadziwa dera lotchedwa Nowa ndi lina lotchedwa Hogila, m'mapiri ozungulira Samariya, m'dziko la Manase momwe Yoshuwa amanena. Tiriza ndiye sachita kufunsa. Unali mzinda wotchuka, likulu la ufumu wa kumpoto Samariya asanamangidwe. Baasa analamulira kumeneko. Zimuri analamulira kumeneko masiku 7 okha, nadzitentha m'nyumba yachifumu. Omuri anakhalako zaka 6 asanagule phiri la Samariya kwa Semeri pa matalente awiri a siliva. Malo ake amadziwika lero ndi dzina lakuti Tell el-Far'ah, kumpoto chakum'mawa kwa Nablus, ndipo wansembe wachifalansa Roland de Vaux anafukulapo pakati pa 1946 ndi 1960.

Pano tisathamange. Mapale amenewa satsimikiza kuti tsiku lina akazi asanu anaima pamaso pa Mose. Amene angakuuzeni choncho akuwonjezera. Chimene amaonetsa nchakuti mayina a m'mindandanda ya Numeri ndi Yoshuwa sanali opeka, anali mayina a madera enieni ndi mabanja enieni amene ankalima mphesa ndi maolivi. Akatswiri ena amaiwerenga nkhaniyi chobwerera: amati madera ndiwo analipo kale, pakuti Sekemu, Hefere ndi Tiriza anali mizinda ya Akanani Israeli asanakhazikike, ndipo mndandanda wa makolo unali njira yonenera kuti anthu a m'mizindayi tsopano ndi abale athu. Ena amati mabanja ndiwo anapatsa maderawo mayina. Mutsate njira iyi kapena iyo, mufika pamodzi: Israeli ankavomereza poyera kuti mbali ina ya dziko la Manase inali m'mayina a akazi, ndipo anasunga nkhani yofotokoza chifukwa chake.

Dzina la Makiri nalonso lili ndi chinsinsi chake. Nyimbo ya Debora, mu Oweruza mutu 5, akatswiri ambiri amaiwerengera m'gulu la zolembedwa zakale kwambiri m'Baibulo. Imatchula amene anabwera kudzamenyana ndi Sisera kumtsinje wa Kisoni, ndi amene anakhala kwawo. Dzina la Manase mulibe. M'malo mwake muli Makiri, ataima ngati fuko palokha pakati pa Efereimu, Benjamini ndi Zebuloni, atatumiza atsogoleri a nkhondo. Giliyadi akutchulidwa padera, akudzudzulidwa kuti anatsalira kutsidya kwa Yorodano. Nchifukwa chake akatswiri ambiri amaganiza kuti kale Amakiri ankakhala kumadzulo, m'mapiri a pakati, nkudzasamukira kum'mawa pambuyo pake, dzina la Manase nkuphimba lawo. Ngati zili choncho, munthu amene timamutcha wamng'onoyu anali dzina la fuko lathunthu nthawi imene mndandanda wa mafuko 12 unali usanakhazikike monga tiudziwira lero.

M'nthawi ya Oweruza nyumbayi inatulutsa amuna otchuka. Gidiyoni anali wa banja la Abiezeri, lomwe lija la pa mapale, ngakhale iye ankati banja lawo ndi lofooka kuposa onse mwa Manase. Kunalinso Yairi wina wa ku Giliyadi, amene anaweruza zaka 22, wa ana aamuna 30 okwera abulu 30. Koma amene ndikufuna timuyang'ane pafupi ndi Yefita, chifukwa nkhani yake ndi ya cholowanso. Anali mwana wamwamuna, koma wobadwa kwa mkazi wadama, ndipo abale ake a mayi wina anamupirikitsa kuti asalandire kanthu m'nyumba ya bambo. Anathawira ku dziko la Tobu, nasonkhanitsa anthu osowa kolowera. Aamoni atavuta, akuluakulu omwe aja a Giliyadi anapita kukamugwadira kuti abwere adzawatsogolere. Anabwera, anapambana, koma anali atalumbira lumbiro lopusa, lakuti choyamba kutuluka m'nyumba mwake kudzamuchingamira achipereka nsembe. Anatuluka ndi mwana wake wamkazi, akuvina ndi maseche. Anali mwana mmodzi yekhayo.

Talingalirani. Pa lamulo limene ana a Zelofehadi anamenyera, mtsikana ameneyu ndiye akanalandira zonse za Yefita, ndiye akanasunga dzina la bambo ake. Munthu amene analandidwa cholowa ndi abale ake anadula yekha mphukira yake ndi pakamwa pake. Ana asanu a Zelofehadi mayina awo analembedwa kanayi, katatu mu Numeri ndi kamodzi mu Yoshuwa. Mwana wa Yefita dzina lake silinalembedwe ndi kamodzi komwe, ngakhale akazi a Israeli ankamulira masiku anayi chaka chilichonse. Nyumba imodzi ya Giliyadi, koma kwina bwalo linamvera akazi, kwina bambo anamvera lumbiro lake. Yefita yemweyo anadzamenyananso ndi Aefereimu pa madooko a Yorodano, ana a Yosefe okhaokha kuphana, ndipo buku limati anafa anthu 42,000.

Kusankha kukhala kutsidya kunali ndi mtengo wake. Kale m'masiku a Yoshuwa, a kum'mawa anamanga guwa lalikulu pafupi ndi Yorodano, poopa kuti ana a kumadzulo adzauza ana awo kuti inu si anzathu, mtsinjewu ndi malire. Panatsala pang'ono kubuka nkhondo, mpaka Finehasi mwana wa Eleazara anapita kukamva mbali yawo. Mantha awo sanali achabe. Giliyadi anali pakhomo, mdani aliyense wochokera kumpoto kapena kum'mawa ankayambira pa iwo. Agesuri ndi Aaramu analanda midzi ya Yairi. Mfumu Ahabu inafera pa nkhondo yolimbirana Ramoti-Giliyadi. Hazaeli wa ku Damasiko anasakaza dzikolo mwankhanza zimene mneneri Amosi anazifanizira ndi kupuntha tirigu ndi zitsulo. Pomaliza, cha m'ma 733 ndi 732 Khristu asanabadwe, Tigilati-Pilesere mfumu ya Asiriya anatenga Giliyadi, nasamutsa Arubeni, Agadi ndi theka la Manase kupita ku Hala, ku Habori ndi kumtsinje wa Gozani. Amene anayamba kulandira dziko ndiwo anali m'gulu loyamba kulitaya. Abale awo a kumadzulo, a m'madera a Nowa, Hogila ndi Tiriza, anatsala zaka pafupifupi 10 zokha, Samariya nkugwa cha m'ma 722.

Nthawi yathu yatha, omvera. Pempho langa lipite kwa abusa, akulu a mpingo ndi amayi a mvano amene mudzaphunzitsa za ana a Zelofehadi. Musathere pa Numeri 27. Muwerengenso mutu 36, kenaka Yoshuwa 17, mitu itatu yonse pa tsiku limodzi, ndipo mayina asanu aja muwatchule mokweza, limodzilimodzi. Mukatero mufunse mpingo kuti pakati pawo alipo angati amene analemba kale za minda ndi nyumba zawo, ana aakazi ali momwemo.